Njere ndi Dzira: Momwe Mungayesere Kameredwe ka Mbewu ndi Kakulidwe ka Mluza

Njere ya nyemba ndi dzira la nkhuku zimaoneka zosiyana kutalitali, koma mukazitsegula mumapezamo zinthu zofanana. Muli kamoyo kakang'ono kotchedwa mluza, pambali pake pali chakudya chosungidwa, ndipo zonsezi zakutidwa ndi khungu kapena chigoba. Kuti mluzawo ukule umafuna chinyezi, mpweya wa okosijeni ndi kutentha koyenera. Zoyeserera zambiri za ophunzira zimalakwika pa chifukwa chimodzi: munthu amasintha zinthu ziwiri pa nthawi imodzi, ndiye zotsatira zikabwera sadziwa kuti wazibweretsa ndani. Lamulo lake ndi lakuti sinthani chinthu chimodzi chokha, zina zonse zikhale chimodzimodzi, ndipo pakhale gulu lina losasinthidwa loti muziyerekezera nalo.

Kuiona njere mkati

Viikani nyemba ndi chimanga m'madzi kwa maola 12. Musanaviike muziyeze pa sikelo, chifukwa nyemba zouma zimamwa madzi ochuluka pafupifupi ngati kulemera kwake komwe, ndipo kuwerengera kumeneku ndi umboni wanu woyamba wakuti kumera kumayamba ndi kumwa madzi. Musapitirire tsiku lathunthu zili m'madzi, zimasowa mpweya n'kuyamba kununkha.

Pa mphepete mwa nyemba pali chipsera, malo amene inagwirira ku khoko lake. Pafupi ndi chipseracho pali kabowo kotchedwa micropyle. Pukutani nyemba yoviikidwayo n'kuifinya pang'ono, muona kadontho ka madzi kakutuluka pamenepo. Mukasenda khungu, nyembayo imagawika pawiri. Mbali ziwirizo ndi ma cotyledon, ndipo ndimo muli chakudya. Pakati pake pagona kamuzu kosongoka, radicle, ndi kamphukira ka timasamba tiwiri topindika, plumule. Tsegulani ndi zala, osati ndi mpeni, chifukwa kamphukirako sikachedwa kuthyoka.

Chimanga ndi china. Chidulireni m'litali, mpeni udutse pakati pa mbali yoyererako imene ili ngati chishango, kenako dontheserani ayodini pamalo odulidwapo. Gawo lalikulu lisanduka lakuda mobiriwira chifukwa ladzaza sitachi. Limeneli ndi endosperm. Mluza uli m'munsi chapambali ndipo sudetsedwa kwenikweni. Chimanga chili ndi cotyledon imodzi yokha, ndipo ntchito yake si kusunga chakudya koma kuchiyamwa kuchokera mu endosperm n'kupatsira mluza.

Machubu anayi

Tengani matesiti chubu anayi kapena timabotolo tinayi tofanana, ndi njere 40 za thumba limodzi. Yambani mwazitsuka kwa mphindi zisanu m'mankhwala a chlorine oyeretsera zovala, muyeso umodzi wa mankhwala ku miyeso inayi ya madzi, kenako zitsukuluzeni katatu ndi madzi oyera. Mukadumpha zimenezi, chuku chimakwera pa njere pofika tsiku lachitatu ndipo simudziwanso ngati njere yafa ndi chuku kapena ndi chimene mumayesacho.

M'chubu chilichonse ikani njere 10. Choyamba chikhale ndi thonje lonyowa, pamalo a madigiri 20 mpaka 30. Ichi ndicho choyerekezera. Chachiwiri chikhale ndi thonje louma, pamalo omwewo. M'chachitatu njere zimire m'madzi amene mwawawiritsa kwa mphindi 10 n'kuwaziziritsa atavundikiridwa, ndipo pamwamba pake thirani mafuta ophikira okhuthala ngati sentimita imodzi. Kuwiritsa kumathamangitsa mpweya wosungunuka m'madzi, mafutawo amatsekereza kuti wina usalowe. Chachinayi chikhale ndi thonje lonyowa ngati choyamba chija, koma chiikidwe m'furiji pa madigiri 4.

Pali msampha pano umene ambiri sauona. M'furiji muli mdima, pamene machubu ena atatu aja ali poyera, choncho chubu chachinayi chasiyana ndi zinzake pa zinthu ziwiri, kuzizira ndi kuwala. Kutani machubu onse anayi ndi pepala lakuda, kapena ikani atatu enawo m'kabati yotseka. Cholakwika china chofala ndi kunyowetsa thonje mopitirira muyeso mpaka madzi kuima pansi. Thonje lizinyowa mwakuti mukalifinya pagwe dontho limodzi kapena awiri basi, apo ayi chubu choyamba chisanduka ngati chachitatu. Ndipo madzi owiritsa aja akathiridwa asanazizire amapha njere, ndiye mudzanamizira kusowa kwa mpweya pamene mwaziphika nokha.

Onani tsiku ndi tsiku pa ola lomwelo kwa masiku asanu ndi awiri. Njere iwerengedwe kuti yamera kamuzu kakaboola khungu n'kutuluka mamilimita awiri. Kutupa kokha si kumera, ngakhale njere yakufa imatupa ikamwa madzi. Muyembekezere kuti chubu choyamba chokha ndicho chimere bwino. Pomaliza tulutsani chachinayi m'furiji n'kuchiika pofunda. Njere zake zikamera, mwasonyeza kuti kuzizira kunangoziimitsa, sikunaziphe.

Zimene zikuchitika mkati

Njere youma ili ndi madzi ochepa, kawirikawiri magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse, ndipo moyo wake umayenda pang'onopang'ono kwambiri. Ndi chifukwa chake njere zina zimakhalitsa modabwitsa. Njere ya kanjedza ya zaka pafupifupi 2,000, yofukulidwa ku Masada m'dziko la Israel, inamera m'chaka cha 2005. Madzi akalowa, ma enzyme, timankhwala ta m'maselo tofulumizitsa ntchito monga kuphwanya chakudya, amayamba ntchito. M'njere za mtundu wa chimanga, mluza umatulutsa homoni yotchedwa gibberellin, imene imapita ku kansalu ka maselo kozungulira endosperm n'kukachititsa kutulutsa enzyme yotchedwa amylase. Amylase imaphwanya sitachi kukhala shuga, ndipo shugayo ndi amene mluza umagwiritsa ntchito popuma ndi pomanga maselo atsopano. Kuzizira kumachedwetsa ma enzyme amenewa, kutentha kopitirira kumawawononga kotheratu. Chimanga sichimera bwino kutentha kukachepera madigiri 10.

Amylase mungaione ntchito yake. Konzani agar, phala la m'labu limene limagwirana ngati jele likazizira, wosakaniza ndi sitachi pang'ono m'mbale ziwiri za Petri, timbale ta m'labu tosaya tokhala ndi chivundikiro. Dulani pakati njere zimene zamera masiku atatu, n'kuziika chafufumimba pa agar, mbali yodulidwa igunde pansi. M'mbale yachiwiri ikani njere zofanana nazo koma zowiritsidwa. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri chotsani njerezo n'kuthira ayodini. Mbale yonse ida, kupatula malo oyera ozungulira pamene panali njere zamoyo. Musagwire agar ndi zala ndipo musalankhulire pamwamba pake, poti malovu a munthu nawonso ali ndi amylase.

Kuti muone kuti njere zomera zimapuma, ikani nyemba zoviikidwa m'fulasiki yosunga kutentha, zina zowiritsidwa m'fulasiki inzake, zonse zotsukidwa ndi chlorine. Lowetsani themomita pakati pa nyembazo, tsekani pakamwa ndi thonje louma, ndipo mafulasikiwo muwaimike chazondoka kuti mpweya wa carbon dioxide, umene ndi wolemera, uzituluka. Musadzaze fulasiki, theka ndi lokwana. Pakapita masiku angapo ya nyemba zamoyo ikhala yofunda kuposa inzake. Mukaona ya nyemba zowiritsa nayonso ikufunda, ndiye kuti simunazitsuke bwino, mabakiteriya akuziwoletsa ndipo kutenthako ndi kwawo. Mpweya wochokera ku njere zomera mukaudutsitsa m'madzi a laimu (limewater), madziwo amachita mbuu ngati mkaka, kusonyeza kuti muli carbon dioxide.

Funso limene limagwetsa ambiri pa mayeso ndi la kulemera. Mbande ya masiku asanu imalemera kuposa njere imene inachokerako, koma amenewo ndi madzi. Mukaiumitsa mu uvuni mpaka kulemera kwake kutasiya kusintha, mupeza kuti yapepuka kuposa njere youma, chifukwa chakudya china chapsa popuma. Kulemera kouma kumayamba kukweranso masamba akabiriwira n'kuyamba kupanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa.

Kuwerengera njere zimene zamera

Musasankhe njere zokongola zokha, tapani m'malo osiyanasiyana a thumba n'kusakaniza. Werengani njere 100, zigaweni m'magulu anayi a 25, gulu lililonse lindandalikeni pa nsalu kapena pepala lonyowa, kulungani ngati mkeka n'kuimika m'pulasitiki yosamanga kukamwa. Akatswiri oyeza mbewu amawerenga chimanga pa tsiku lachinayi ndi lachisanu ndi chiwiri, nyemba pa tsiku lachisanu ndi lachisanu ndi chinayi. Tinene kuti magulu anu apereka 21, 23, 20 ndi 22. Zonse pamodzi ndi 86, ndiye kuti kameredwe kake ndi 86 peresenti. Koma gulu limodzi likapereka 9 pamene ena ali pa 22, musaphatikize mwachimbulimbuli, nsalu ya gulu limenelo iyenera kuti inauma, bwerezani.

Zotsala zosamera zidulidwe. Yofewa ndi yonunkha ndi yakufa. Yolimba gwa ngati mwala, yosatupa n'komwe, ili moyo koma khungu lake silikulola madzi, ndipo zimenezi n'zofala m'mitengo ya mtundu wa mthethe. Ikhuleni ndi sandipepa kumbali yotalikirana ndi chipsera, imera. Njere za tomato zimaletsedwa ndi utomoni woterera umene umazikuta, choncho zitsukeni kaye. Njere zing'onozing'ono monga za fodya ndi mitundu ina ya letesi zimafuna kuwala, ndiye mukazikwirira mozama zimangogona. Nyemba ndi chimanga kuwala sizikulabadira.

Dzalaninso nyemba ndi chimanga m'botolo loonekera mkati, njere zipanikizike pakati pa galasi ndi pepala lonyowa. Nyemba imatuluka itapinda khosi ngati ngowe, n'kukoka ma cotyledon ake kupita nawo pamwamba pa dothi. Uku ndi kumera kwa epigeal. Chimanga chimasiya njere pansi n'kutumiza kamphukira kobisika m'chikopa chosongoka, ndipo uku ndi kwa hypogeal. Tembenuzani njere ina kamuzu kaloze kumwamba, muona kakukhota kubwerera pansi.

Tsopano dzira

Mwa nyama zambiri moyo watsopano umayamba selo la umuna likalumikizana ndi selo la dzira, lililonse litanyamula theka la ma chromosome, tiulusi ta m'selo tonyamula chibadwa. Mwa munthu ndi 23 ndi 23 kukhala 46, mwa nkhuku 39 ndi 39 kukhala 78. Oscar Hertwig ndi amene anaona kulumikizana kumeneku ndi maikulosikopu m'chaka cha 1876, m'mazira a kanyama kam'nyanja kaminga. Si zamoyo zonse zimatsata njira iyi. Amoeba, kamoyo ka selo limodzi, imangogawika pawiri, Hydra, kanyama kakang'ono ka m'madzi, imaphuka mwana pambali ngati nthambi, ndipo njuchi zazimuna zimachokera m'mazira amene sanakumane ndi umuna.

Swerani dzira laiwisi m'mbale mosamala kuti chikasu chisaphulike. Pamwamba pa chikasucho pali kadontho koyera. Kameneko ndiko kofunika, chikasu chonsecho ndi chakudya chabe. Dzira likakhala la thadzi losakweredwa, kadonthoko kamakhala kakang'ono kosaoneka bwino m'mbali. Likakhala ndi mluza kamakula mamilimita atatu kapena anayi ndipo kamaoneka ngati mphete. Zingwe ziwiri zoyera zopotana zimene zili m'mbali ndi ma chalaza, zimagwira chikasu kuti chikhale pakati. Ku mbali yobulungira ya chigoba kuli kathumba ka mpweya, ndipo chigoba chenichenicho chili ndi timabowo masauzande topumira.

Umuna umakumana ndi dzira kumtunda kwenikweni kwa njira ya mazira, choyera ndi chigoba zisanakutire. Dzira limatenga maola pafupifupi 25 kuti lifike poikiridwa, ndiye kuti potuluka mluza umakhala utagawika kale kukhala maselo ambirimbiri. Likazizira mluzawo umaima, monga njere za m'furiji zija, kudikira kufungatiridwa. Thadzi limasunga umuna m'thupi mwake kwa milungu ngati iwiri, choncho likhoza kuikirabe mazira a mluza tambala atachotsedwa.

Mazira oti muswetse akhale osapitirira masiku asanu ndi awiri chiikiridwe, osang'aluka, ndipo musawatsuke chifukwa madzi amachotsa kautoto kotchinga majeremusi pa chigoba. Podikira asungeni pozizirira, madigiri 13 mpaka 16, nsonga yosongoka iloze pansi. Yatsani makina oswetsera tsiku lathunthu musanaike mazira, ndipo themomita yake iyerekezeni ndi ina. M'makina okhala ndi fani kutentha kukhale madigiri 37.5. M'makina opanda fani kukhale pafupifupi 38.5 mukayeza molingana ndi pamwamba pa dzira, pakuti mpweya wotentha umaunjikana kumwamba. Chinyezi chikhale 50 mpaka 55 peresenti kwa masiku 18, kenako 65 mpaka 70 peresenti masiku atatu otsiriza.

Lembani ndi pensulo X mbali imodzi ya dzira ndi O mbali inayo. Tembenuzani katatu kapena kasanu pa tsiku, osati kawiri kapena kanayi, n'cholinga chakuti dzira lisagonere mbali yomweyo usiku uliwonse. Dzira losatembenuzidwa mluza wake umamatirira ku kansalu ka mkati mwa chigoba. Pa tsiku la 18 siyani kutembenuza.

Njira yodalirika yodziwira ngati chinyezi chili bwino ndi sikelo. Dzira liyenera kutaya pafupifupi 12 peresenti ya kulemera kwake pofika tsiku la 18. La magalamu 60 lifike pa magalamu ngati 53, ndipo pa tsiku lachisanu ndi chinayi likhale cha m'ma 56. Likapepuka msanga onjezerani madzi m'thireyi, likachedwa chepetsani. Chimene chimakweza chinyezi ndi kutambalala kwa madzi, osati kuya kwake.

Kuunika dzira kuti muone za mkati mwake kumachitikira mu mdima, tochi yowala kwambiri itagunda ku mbali yobulungira. Mtima wa mluza umayamba kugunda pa tsiku lachiwiri, koma kuti muone bwino dikirani tsiku lachisanu ndi chiwiri. Dzira lamoyo limaonetsa mitsempha ya magazi yoyala ngati ukonde wa kangaude, pakati pali kadontho kakuda koyendayenda. Loyera mbee lopanda kanthu linalibe mluza. La mzere wofiira wozungulira ngati mphete linayamba koma mluza unafa, lichotseni lisanawole n'kuphulika. Pa tsiku la 14 mkati mwada kwambiri ndipo kathumba ka mpweya kakula. Jambulani malire a kathumbako ndi pensulo pa kuunika kulikonse. Musasunge dzira kunja mphindi zoposa zochepa, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanagwire ndi mutagwira, poopa mabakiteriya a Salmonella.

Cha pa tsiku la 19 kapena 20 mwanapiye amaboola kathumba ka mpweya n'kuyamba kupuma ndi mapapo, mwina mudzamumva akulira ali mkati. Kenako amagogomola chigoba ndi kadzino ka pa mlomo wake. Kuchokera pa kabowo koyamba mpaka kutuluka pakhoza kupita tsiku lathunthu. Musamuthandize. Pa nthawi imeneyi akukokera chikasu chotsala m'mimba mwake ndipo mitsempha ya magazi ya pa kansalu sinaume, mukasenda chigoba amataya magazi. Musatsegulenso makina kawirikawiri, chinyezi chikathawa kansalu kamauma n'kumumanga.

Mazira a nkhuku amaswa pa tsiku la 21. Anapiye akaswa tsikuli lisanafike, makina anali otentha mopitirira. Akachedwa mpaka tsiku la 22 kapena 23, makinawo anali ozizira. Akafera m'chigoba ali okhwima osaboola, kathumba ka mpweya kali kakang'ono, chinyezi chinachuluka m'masiku oyamba, kapena mabowo olowetsa mpweya m'makina anali otseka pa nthawi imene mwanapiye amafuna okosijeni wambiri. Mazira a abakha ambiri amatenga masiku 28, a nkhanga 26 mpaka 28, ndiye musawasakanize ndi a nkhuku m'makina amodzi ngati simunawerengere masiku.

Achule ndi mbululu

Achule ndi nsomba zambiri amakumanitsa umuna ndi mazira kunja kwa thupi, m'madzi. Wamwamuna amakwera pamsana pa wamkazi n'kumugwira zolimba, wamkazi akamatulutsa mazira iye amathira umuna pomwepo. Lazzaro Spallanzani, m'zaka za m'ma 1700, anaveka achule aamuna timakabudula, ndipo mazira amene anaikiridwa sanaswe. Atatenga madzi a m'timakabudulamo n'kupaka pa mazira, anaswa. Pamenepo mukuona phindu la kusintha chinthu chimodzi chokha. Poti kukumanitsa umuna ndi mazira m'madzi kumataya mazira ochuluka, achule amaikira mazana kapena masauzande, pamene mbalame imaikira ochepa n'kuwasamala.

Tengani mazira ochepa, 20 ndi okwana, pamodzi ndi madzi ndi zomera za pamalo omwewo. Madzi a pampopi ali ndi chlorine wopha mbululu, choncho gwiritsani a padziwe kapena a mvula. Chidebe chikhale chotambalala, chosaya, pamthunzi. Ndi galasi lokulitsa zinthu onani kadontho kakuda kakutalika mkati mwa utomoni wake. Mbululu zongoswa kumene zili ndi ziwalo zopumira zolendewera kunja ngati nthenga, zimene pambuyo pake zimakutidwa ndi khungu. Zidyetseni ndere kapena masamba owiritsa pang'ono, ndipo chotsani zotsala tsiku lomwelo chifukwa zikawola zimatha okosijeni. Sinthani gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi pa sabata. Miyendo yakumbuyo ndiyo imayamba, yakutsogolo imatsatira, ndipo mchira suduka koma umayamwidwa ndi thupi, zonsezi molamulidwa ndi homoni ya thyroxine. Miyendo yakutsogolo ikangotuluka ikani mwala wotulukira pamwamba pa madzi, apo ayi kachule kamene kayamba kupuma ndi mapapo kamira. Pomaliza bwezani achulewo kumene munatenga mazira.

Nyama zoyamwitsa

Apa mluza simungauone ndi maso, mudalira zithunzi, zidole za m'labu ndi kuwerengera masiku. Dzira la nyama yoyamwitsa ndi laling'ono kwambiri, la munthu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, ndipo Karl Ernst von Baer ndi amene analipeza m'chaka cha 1827, mwa galu. Ndi laling'ono chotere chifukwa silinyamula nkhokwe ya chakudya ngati la nkhuku. Umuna umakumana nalo m'njira yochokera ku thumba la mazira, kenako mluza umatsikira m'chiberekero n'kumatirira, ndipo chakudya ndi okosijeni zimadutsa pa nsengwa n'kuyenda m'chingwe cha mchombo. Pojambula nsengwa samalani, magazi a mayi ndi a mwana amayandikana koma sasakanikirana, choncho mizere yawo isalumikizane pa chithunzi chanu.

Ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba zazikazi zimafuna yamphongo pafupifupi masiku 21 alionse ngati sizinatenge bere. Mukalemba tsiku limene yakweredwa, n'kuona kuti pa tsiku la 21 siinafunenso, ndi chizindikiro choyamba chakuti mwina yatenga, ngakhale si umboni wotsiriza. Kuchokera pa tsiku lokweredwalo werengani masiku 31 kwa kalulu, 63 kwa galu, 114 kwa nkhumba, 150 kwa mbuzi ndi 283 kwa ng'ombe, mukudziwa kuti masiku angapo akhoza kuchepa kapena kuonjezereka malinga ndi mtundu wa chiweto ndi kuchuluka kwa ana amene ali m'mimba.